Njinga ikamakana kutsitsa moto musathamangire kugula kabureta, fufuzani kaye pomwe ikuba mpweya

Pali kavuto kena kamene kakudyera anthu ndalama zaulere kuno ku Salima, makamaka anyamata a kabaza amene njinga zawo zimagwira ntchito kuyambira mbandakucha mpaka usiku osapuma. Mmawa njinga imavuta kulira mpaka uyikokere choko, ikatentha idling (kulira kwa injini musanakoke moto) imakwera yokha, ukasiya moto pofika pa hampu injini imapitiriza kulira mmwamba kwa kanthawi isanatsike, pena ikatsika ndiye kuzimiratu pakati pa msewu kasitomala ali kumbuyo. Munthu apita kwa makanika, atsuka kabureta, apotokola ma sikuluwu, asintha pulagi, mawa lake vuto lomwe lija. Mapeto ake akuuzidwa kuti kabureta yatha mugule ina, ayikapo yatsopano, vuto lili pomwepo. Nthawi zambiri kaburetayo imakhala ilibe mlandu, njinga ikuba mpweya penapake pakati pa kabureta ndi hedi (mutu wa injini), ndipo kupeza malowo sikulira makina a ku garaji yaikulu ayi, manja anu, maso, makutu ndi kabotolo ka madzi zikwanira.

Timvetsetsane kaye chimene chimachitika mkatimo chifukwa mukachigwira ichi zinazo muzizidziwa nokha. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya, mpweyawo umadutsa pakhosi pa kabureta nkutenga petulo molingana ndi kuchuluka kwake. Muyezo wake pa petulo weniweni ndi pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, powerengera kulemera. Tsono kabureta imangodziwa mpweya umene wadutsa mkati mwake basi, umene walowera pa mng'alu kuseri kwake siuudziwa ndipo siupatsa mafuta. Amene munapondapo treadle pump kudimba mukudziwa, paipi yokoka madzi ikabowoka pang'ono mumaponda mpaka thukuta koma pampu ikungomeza mpweya, madzi akubwera modukizadukiza. Injini nayo chimodzimodzi, imalandira mpweya wambiri mafuta ochepa.

Ndipo chifukwa chake vutoli limaonekera pa idling nchakuti nthawi imeneyo slide, kachitseko ka mpweya mkati mwa kabureta kamene kamakokedwa ndi kebulo ya moto, yatsekeka pafupifupi yonse, injini ikukoka mwamphamvu pa kampata kochepa, ndiye kabowo kalikonse kumbali kamalowetsa mpweya wambiri poyerekeza ndi umene ukudutsa njira yake. Mukakoka moto wonse slide yatseguka, kabowo kaja sikakhalanso kanthu. Nchifukwa chake mumamva munthu akuti achimwene njinga yanga pa M5 ikuuluka bwinobwino koma ndikangoima pa siteji pa Kamuzu Road yayamba misala. Ameneyo wakuuzani kale theka la matenda.

Kuno kunyanja zinthu zingapo zimathandizira. Dzuwa ndi kutentha zimaumitsa mphira msanga, manifodi (kapaipi kolumikiza kabureta ndi hedi) amene ku Dedza akanakhala zaka kuno amayamba ming'alu nthawi yochepa. Misewu ya fumbi yolowera kumidzi ija ya mabampu imagwedeza kabureta tsiku lonse, ndiye pakhale kuti wina anachotsa paipi yochokera ku air cleaner (sefa ya mpweya) kapena anayisiya yosamanga, kulemera konse kwa kabureta kumalendewera pa manifodi pokha, kuthyoka kwake sikuchedwa. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, wina amapangidwa pa Dwangwa pomwepa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ethanol amafuna mpweya wochepa kuti ayake, pafupifupi magawo 9 pa limodzi, kutanthauza kuti njinga za kabureta zimakhala kale zili chakumbali yochepa mafuta musanawonjezerepo kabowo. Mphira zotchipa zija nazo sizigwirizana naye kwenikweni. Chinanso, Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 pomwe kuno tili cha mma 500, mpweya wa kuno ndi wothinana kuposa wa kumtunda, ndiye njinga imene ku Lilongwe imabisa kabowo kake ikatsika mapiri a M14 nkufika kuno imayamba kuulula.

Osalitenga ngati vuto longosowetsa mtendere ili. Injini yochepa mafuta imatentha kwambiri, ndipo ma Lifo, King Lion, Boxer ndi ma TVS athuwa amazizira ndi mphepo yokha, alibe radiator. Muwonjezerepo dzuwa la Okutobala ndi anthu awiri kumbuyo kuphatikiza thumba la mpunga, valavu ya ekizozi imapsa, pena pisitoni kugwira. Komanso bowo limenelo silidutsa pa sefa, mchenga ukulowa mwachindunji kukadya ma ring'i.

Tiyambe ndi kuchotsa chinthu chimodzi chimene chimanamiza anthu, kebulo ya moto. Injini ili chozima potokolani moto nkusiya, muyenera kumva slide ikugunda pansi kuti ka! mkati mwa kabureta. Ngati ikubwerera mozengereza vuto ndi kebulo yadzimbiri, sipuling'i yofooka kapena slide yodzadza fumbi. Chogwirira chizikhala ndi kampata kosewera ka mamilimita 2 mpaka 6 chisanayambe kukoka. Kenako lizani injini mutembenuze handulo mbali zonse mpaka kumapeto, moto ukamakwera potembenuza ndiye kuti kebulo yafupika kapena yadutsa molakwika, si mpweya umenewo.

Kebulo ikakhala bho, funsani choko. Injini itatentha bwino, kokani choko pang'ono chabe. Njinga yabwino imayamba kulira molemera, kufuna kuzima, chifukwa mwaipatsa mafuta opyola. Koma ikamasangalala, idling nkukhazikika, moto nkumayankha bwino kuposa kale, ndiye kuti inali ndi ludzu la mafuta. Masulani pulagi muone kunsonga, ikakhala ya bulawuni wopepuka zili bwino, ikakhala yoyera mbee ngati yatsopano chikhalirecho yayenda masabata, kapena ili ndi timatuza, injini ikupsa. Pulagi yakuda bii ya mwaye ndi nkhani ina, imeneyo mafuta achuluka, musavutike nkufufuza mpweya. Pena mumamvanso kuphulika kuti phu phu ku ekizozi mukasiya moto potsetsereka, kapena kutsokomola chakukabureta mukakoka moto mwadzidzidzi, koma kuphulika kokha musakudalire chifukwa gasiketi ya ekizozi ikatha pamene paipi yakumana ndi hedi imachitanso zomwezo.

Zonsezi zangotiuza kuti mafuta akuchepa, sizinatiuze chifukwa. Mwina mpweya ukulowa wakuba, mwina jeti yaing'ono ya idling, kabowo kodutsa mafuta mkati mwa kabureta, yatsekeka ndi zinyalala, zimene sizachilendo kwa ife ogula mafuta a mzigubu ndi mmabotolo pa nthawi ya mizere. Kusiyanitsa kwake kulipo. Jeti ikatsekeka kawirikawiri njinga imangofuna kuzima. Mpweya wakuba idling imayendayenda, pano yakwera pano yatsika, ndipo sikuluwu ya mixture, yosintha kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, olo muipotokole bwanji injini siyankha kwenikweni. Njira ina yachangu, chotsani paipi ya air cleaner, injini ikulira tsekani kukamwa kwa kabureta ndi chikhatho. Muyenera kumva dzanja likuyamwidwa mwamphamvu ndipo injini izime nthawi yomweyo. Ikamapitirizabe kulira dzanja lili pompo, ikupuma kudzera pena, palibenso zokambirana.

Tsopano kusaka malo ake. Tsukani kaye mbali yonseyo kuyambira pa kabureta mpaka pa hedi, koma musanatsuke yang'anitsitsani fumbi lomwe lilipolo chifukwa limalankhula. Pamene pakudontha mpweya nthawi zambiri pamakhala kamzere ka fumbi konyowa, kakuda kuposa kwina, kotsatira mphepete mwa gasiketi kapena mng'alu, chifukwa injini ikazima kapena ikatsokomola timafuta timatulukira pomwepo fumbi nkumatirira. Mukatsuka, tengani tochi ya foni muunike pansi pa manifodi, osati pamwamba pokha pamene maso amafika. Ming'alu yambiri imakhala kunsi kapena mkhwinya la pafupi ndi kilampu, ndipo poyang'ana chabe imaoneka ngati timizere ta ukalamba topanda vuto. Gwirani kabureta muikankhire pansi ndi mmbali pang'onopang'ono maso ali pa mphira, mudzaona kamzere kamodzi kakuyasama ngati kakamwa, mkati mwake muli mbuu, mukasiya nkutsekekanso. Kameneko ndi kamene mukufuna. Pa manifodi a aluminiyamu okutidwa mphira onaninso pamene mphira yamatirira ku chitsulo, imatha kumatuka mozungulira kunja kukuoneka kwabwinobwino. Chitaninso zomwezo injini ikulira pa idling, moto ukasintha pamene mukugwedeza kabureta ndiye mwayandikira.

Maso akalephera tengani madzi. Botolo lopoperapo ngati la ku salon kapena la madzi akumwa lobowola kachibowo kamodzi pachivindikiro, injini yotentha ili pa idling yotsika mmene ingathere, thirani pang'ono malo amodzi, dikirani masekondi angapo mukumvetsera, kenako pitani pena. Yambani pamene manifodi yakumana ndi hedi, kenako thupi la manifodi, kenako pamene yakumana ndi kabureta. Madzi akafika pa bowo amalitseka kwa kanthawi ndipo pang'ono amayamwidwa, injini imasintha mawu, kawirikawiri kutsika kapena kudodoma, akauma nkubwereranso mwakale. Bwerezani malo omwewo kuti mutsimikize, chifukwa injini yodwala kale imasinthasintha yokha, mukhoza kunamizira malo osalakwa. Madzi asapite pa kapu ya pulagi, akafika pamenepo injini idodoma pa chifukwa china nkukusokonezani. Thovu la sopo lokhuthala limagwiranso ntchito, mumaliona likubonyoka kulowa mkati pamene pali bowo. Amakanika ena amapaka girisi mozungulira polumikizira, idling ikakhazikika ndiye kuti apeza, ndi njira yabwino ndithu kungoti muzipukuta mukamaliza.

Ambiri amakonda carb cleaner, mankhwala otsukira kabureta a mchitini, chifukwa amayankha mwachangu, ukapopera pa bowo moto umasintha nthawi yomweyo, pena kukwera pena kutsika malinga ndi mankhwala ake. Zoona amagwira, koma ameneyu ndi moto akuluakulu, ndipo manifodi ili pafupi ndi hedi yotentha komanso waya wa pulagi amene pa njinga zathu zambiri ndi womanga ndi tepi. Ngati mukumugwiritsa ntchito ikani kapaipi kake kofiira kaja, kupopera kamodzi kochepa, muli panja, chidebe cha mchenga pafupi, wosuta fodya atalikire. Zothira petulo ndi botolo pa injini yolira zija ine sindigwirizana nazo olo pang'ono, kupeza bowo lake nkomweko ndi madzi koma mukuika njinga yonse ndi nkhope yanu pachiswe. Komanso mukapopera mosasamala nthunzi yake imakokedwa ndi air cleaner, injini nkusintha mawu, inu nkumati mwapeza pomwe palibe.

Pali malo ena amene anthu amaiwala. Chivindikiro cha pamwamba pa kabureta pamene kebulo imalowera, chimamasuka ndi kugwedera kapena wina anachimanga mopingasa mazinga, ndipo kamphira kake kovala pa kebulo kamang'ambika. Njinga zina zili ndi kapaipi kakang'ono kochokera pa manifodi kupita ku koko ya mafuta kapena ku kavalavu kolowetsa mpweya ku ekizozi, kapaipi kameneko kakasweka kunsonga kapena wina anachotsa zida zimenezo nkusiya kachibowo kali pululu, mpweya ukulowa ulere. Kapinikizeni ndi zala injini ikulira, moto ukakhazikika mlandu uli pamenepo. Pa ma kabureta amene choko chake ndi kapisitoni kokoka, onani ngati kakukhala pansi bwino ndipo nati yake ya pulasitiki sinasweke. Ndipo pakati pa kabureta ndi manifodi kapena manifodi ndi hedi pamakhala kachidutswa kakuda koletsa kutentha, kali ndi O-ring (mphete ya mphira), kachidutswa kameneko kamasweka mwakachetechete pafupi ndi bowo la boliti.

Amene makutu awo ndi akuthwa atha kutenga kapaipi ka mafuta katsopano kotalika ngati mkono, mbali ina kukhutu ina kuyendetsa mozungulira manifodi, pa bowo pamamveka kamluzu kuti tsiii. Pa siteji paphokoso sizitheka, kachitireni kunyumba.

Paipi yapakati pa air cleaner ndi kabureta ikang'ambika nkhani yake ndi yosiyana pang'ono, mpweya umenewo umadutsabe mu kabureta ndiye idling siisokonekera kwambiri, koma fumbi lonse la msewu wa ku Lifuwu likulowa losasefa. Mukapeza mchenga pakhosi pa kabureta kapena slide yokalikakalika, sinthani paipiyo tsiku lomwelo.

Eni ma two stroke, monga ma Yamaha DT 125 aja amayendera alangizi ndi a mabungwe, inu muli ndi malo owonjezera chifukwa mafuta ndi mpweya zimayamba zadutsa pansi mu crankcase zisanakwere. Ndiye kupatula manifodi pali gasiketi ya reed valve, gasiketi ya pansi pa buloko, ndi ma oil seal awiri a crankshaft. Seal ya mbali ya magineto ikatha imayamwa mpweya, idling imakwera yokha mochititsa mantha, ndipo mukatsegula kavala mupeza kuseri kwa magineto kuli konyowa ndi mafuta. Ya mbali ya kilatchi ikatha imayamwa oyilo wa giya, utsi umachuluka ndipo oyilo amatsika osaoneka podontha. Kuyeza kwenikweni ndi kutseka ku ekizozi ndi ku manifodi, kupopa mpweya wochepa cha mma 5 kapena 6 psi pa geji ya mpweya, nkuona ngati ukukhala kwa mphindi zingapo, ukamatsika mupake thovu la sopo muone potuluka. Osapyola muyezo umenewo, pampu ya njinga yakapalasa mukaipopa ndi mtima wonse mutulutsa ma seal abwinobwino. Two stroke yakuba mpweya musayende nayo, imabowola pisitoni osachenjeza.

Mukasaka ponseponse osapeza kanthu ndiye bwererani ku jeti ya idling, muitulutse muyang'ane kudzuwa ngati kabowo kake kakuonetsa kuwala, komanso muyeze mavalavu injini itazizira. Valavu yothina imavutitsa kulira mmawa ndipo idling yake siikhazikika, anthu amaisokoneza ndi mpweya wakuba. Pa injini zambiri za 125 ndi 150 mpata wake umakhala cha pa 0.05 mpaka 0.08 mm, koma tsatirani za njinga yanu, kawirikawiri zimalembedwa mkabuku kake kapena pa sitika.

Mwapeza bowo, nanga kukonza? Manifodi yong'ambika mankhwala ake ndi kugula ina basi. Mukakhala kutali, tinene kuti yakuthyokerani cha ku Thavite madzulo, dulani lamba wa chubu chakale mukulunge mothinitsa kangapo, mufika kunyumba, koma zimenezo ndi za tsiku limodzi kapena awiri. Super glue amauma gwa nkusweka ndi kugwedera. Silikoni wofiira uja amene amapakidwa paliponse sagwirizana ndi petulo, amafewa nkumatuka, zidutswa zake nkumezedwa ndi injini. Popita kukagula nyamulani yakaleyo, chifukwa kukula kwa bowo, kupindika kwake ndi mpata wa ma boliti zimasiyana olo wogulitsa akuuzeni kuti zonse ndi chimodzimodzi, ndipo yatsopanoyo muipinde ndi zala musanalipire, zina zimakhala zaumira kale mu shopu.

Ngati podontha ndi pa nkhope yolumikizira, musangothamangira kumangitsa ma nati, kumangitsa kopyola ndi kumene kumayambitsa vutoli. Makutu awiri a boliti amapindikira kutsogolo pakati nkutukuka. Masulani, ikani sandipepa wosalala pa galasi lathyathyathya, thirani madzi pang'ono, gudubuzani nkhopeyo mozungulira kangapo nkuyang'ana. Mudzaona makutu awiri akuwala pomwe pakati pozungulira bowo padakali pakuda posakhudzidwa, umenewo ndiye mpata umene mpweya umadutsa. Pitirizani mofatsa mpaka nkhope yonse iwale mofanana, tsukani bwino phulusa lake lisapite mu injini. O-ring yatsopano iyenera kutumphuka pang'ono pamwamba pa ngalande yake, ikakhala yaphwatalala yofanana ndi chitsulo yatha ntchito. Gasiketi ikani yatsopano, yakale ipalidwe yonse osasanjikiza ziwiri. Pomanga sinthanasinthanani ma nati, uku pang'ono uku pang'ono, ma boliti a 6 mm amenewa amangofuna cha mma 10 Nm, ndiye kuti sipanala yaifupi yokoka ndi zala, osati kuikapo paipi. Kilampu ikhale mngalande yake ndipo paipi ya air cleaner ibwerere pamalo kuti izithandiza kunyamula kabureta.

Chotsalira ndi kubweza kabureta mchimake, chifukwa pa nthawi yonse imene njinga imadwala anthu akhala akupotokola ma sikuluwu kubisa vutolo, ndiye bowo likatsekedwa ikhoza kuyamba kumwa mafuta ndi kuda pulagi. Tenthetsani injini poyenda mphindi ngati 10. Lowetsani sikuluwu ya mixture mpaka ingogunda mopepuka, osaikakamiza nsonga yake imathyoka, kenako itulutseni kamodzi ndi theka kapena kawiri. Kuchokera apo muziitembenuza pang'onopang'ono uku ndi uku kufuna pamene injini ikulira mokwera komanso mosadodoma. Dziwani kuti sikuluwu ikakhala mbali ya injini, kuitulutsa ndi kuwonjezera mafuta, ikakhala mbali ya air cleaner kuitulutsa ndi kuwonjezera mpweya. Mukapeza pabwino tsitsani idling ndi sikuluwu inayo ya slide kufika cha pa 1,400 rpm, opanda geji mumve kuti ikulira modekha osafuna kuzima mukayatsa nyali. Ngati sikuluwu ya mafuta ikufuna kutuluka kupitirira katatu kuti injini ikhazikike, pena pake padakali bowo kapena jeti ya idling sinayere. Funsaninso ngati wina anakweza singano ya slide kapena kukuza jeti ndi waya pofuna kuthana ndi vutoli, singano ibwerere pa mzere wake wakale ndipo jeti yokuzidwa isinthidwe. Mukatha kokani moto nkusiya kangapo, uzitsika nthawi yomweyo nkukhazikika malo amodzi, thiraninso madzi aja mozungulira manifodi komaliza, ndipo pakatha masiku angapo a ntchito mumasule pulagi muone mtundu wake komanso muyese ma nati ngati sanamasuke gasiketi yatsopano itakhazikika.